Masula Lamba, Tadutsa

Panali munthu wina wa ku Wimbe, dzina lake Redson, mlimi wa fodya. Chaka china fodya anamukomera, ndipo anagula galimoto. Koma munthuyu anali wamakani, wosamva za anzake.

Pa msika anthu akamatsutsana zoti apolisi akhwimitse lamulo la malamba, mawu okwera ankakhala ake. "Lamba ndi wa apolisi," ankatero. "Ngati tsiku lako lakwana, lakwana basi."

Galimotoyo inkalira kuti ti-ti-ti munthu akapanda kumanga lamba. Redson anakolekeratu lamba wake kumbuyo kwa msana n'kumakhalira pamwamba. Akaona apolisi, ankangopisa mutu kunsi kwa lambayo kuti aoneke pachifuwa.

Tsiku lina anatenga mwana wake wamkazi, Malita, kuti akamusiye kusukulu ku Mtunthama. Mtsikanayo anakhala kutsogolo, namanga lamba bwinobwino. Panjira apolisi anawaimitsa. Wapolisi wina wamkazi anasuzumira mkati.

"Bambo, mwanayu ndiye wamanga zenizeni. Inu mangani bwino, tikuchitira moyo wanu."

Redson anamanga akung'ung'udza. Atangodutsa pang'ono anamasula, nakolekanso kumbuyo.

"Iwenso masula, tadutsa."

"Ababa, ndisiyeni ndikhale choncho."

"Ukundiyesa wophunzira kuyendetsa? Kapena ukuganiza kuti bambo ako angakuphe?"

Malita anali mwana waulemu. Anamasula. Galimoto inayamba kulira, ti-ti-ti. Redson asanalankhulenso, ngolo ya ng'ombe inatulukira mumsewu. Anaponda buleki, galimoto inagudubuzika.

Redson anathyoka mkono wokha. Malita anamupeza m'munda wa fodya, atatulukira pa galasi la kutsogolo. Mpando wake unali bwinobwino, lamba ali lende.

Pamaliro panalibe amene anamunena. Mkazi wake, Perpetua, anangomufunsa kamodzi, "Mwana uja amamanga nthawi zonse. Anamasuliranji?"

Chigoba cha galimotoyo chili kuseri kwa chigafa, chopanda ndi batire lomwe. Koma masanasana Redson amaima m'munda, khasu lili m'manja, n'kufunsa anzake, "Mukumva? Ikulira." Anzakewo samva kanthu. Amapita yekha kuseriko, natsegula chitseko, n'kumanga lamba pa mpando wopanda munthu.

Phunziro: Lamba si wa apolisi, ndi wako. Wapolisi ungamupusitse, koma msewu sungaupusitse. Ndipo ngati mwana wachita chanzeru, usamuchititse manyazi. Tumizirani onse amene amanga lamba pokhapokha akaona yunifolomu.