Kapepala ka Pachitseko

Tinali pa chakudya chamadzulo pamene bwana anaimba foni.

"Mawa kukubwera oyendera. Pitani mukayese labala wa zitseko za bokosi lija."

Alamu anga, mkazi wa malemu achimwene, anaika sipuni pansi. "Labala yemwe uja anachotsetsa ntchito bambo a anawa?"

Ndinadzuka n'kuyamba ulendo wa kufakitale ya mankhwala komwe ndimagwira ntchito.

Bokosilo lili m'khoma la chipinda chosakaniziramo mankhwala, momwe fumbi siliyenera kulowa, ndipo katundu amadutsira mmenemo. Lili ndi zitseko ziwiri, chakunja ndi cham'kati. Chimodzi chikatsegulidwa, chinacho chimadzikhoma. Kuyesa kwake anandiphunzitsa achimwene: umapana kapepala ndi chitseko n'kukoka. Kakatuluka mosavuta, labala watha. Iwo ananena kwa miyezi itatu kuti watha, koma mankhwala ataonongeka mlandu unagwera iwo omwe.

Ndinapeza kuli zii, magetsi a m'kati ozima. Ndinapana kapepala pamwamba, kanatuluka ngati kapakidwa mafuta. M'mbali chimodzimodzi. Pansi kanagwira. Ndinakoka, kanakana. Kenako kanayamba kuchoka m'zala zanga pang'onopang'ono, kulowera m'kati, mpaka nsonga yake inabisika. Pagalasi la chitsekocho sindinaone munthu m'chipindamo. Ndinagwira chitseko changa kuti nditsegule. Chinali chitadzikhoma.

M'mawa ndinauza bwana kuti labala watha.

"Akugwirabe ameneyo. Sainani kuti ali bwino, musakhale ngati mkulu wanu."

Ndinasaina, poti ana aja amadya kwa ine.

Masana mayi wosakaniza mankhwala anandiimitsa pakhomo.

"Ankolo, kapepala aka ndakapeza patebulo langa m'katimu. N'kanu?"