Phazi la Eneless

"Ponda phazi, koka mpweya, imba!" anakalipa a Wilbroad.

Bonaventure anaponda. Fumbi linati kobo m'kachipinda ka kuseli kwa chalichi. "E-e-e-ne..." Basi, lilime linatitimila ngati lole ya ku Sasare m'matope.

A Wilbroad, mphunzitsi wa kwaya ku Petauke, anali ndi mankhwala amodzi okha a chibwibwi: mawu akakana kutuluka, uwapondele phazi, uwaimbe. Anthu ankaseka, koma achibwibwi ankabwelabe mozemba, aliyense tsiku lake. La Bonaventure linali Lachinayi. Lelo anangotulukila Lachiwili, thukuta kamukamu.

"Si tsiku lako lino," anamuuza a Wilbroad.

"A-a-akupita mailo!"

Wopitayo anali Eneless, mtsikana wa mawu okoma m'kwaya yonse. Amalume ake anamuitana kukakhala ku Fort Jameson, ulendo unali wa mawa lomwe, ndipo basi siidikila munthu kuti amalize mawu. Bonaventure akapanda kumufunsila lelo, ndiye kuti wamutaya.

Komatu mtsikanayo kunyada! Bonaventure akati "Mu-mu-muli bwanji," iye ankangoluma mlomo n'kuyang'ana kumbali. Sanamuyankhepo ngakhale kamodzi. Zinkamuwawa mwana wa eni.

"Amandiseka mumtimaaa," anaimba modandaula, phazi likugunda.

"Iwe imba zako. Za m'mitima ya anthu uzisiye."

Chitseko chinati kweee. Eneless uyo!

Madzi anafika m'khosi. Pothawila panalibe, pakuti mwini nkhani anali ataima pakhomo penipeni. Bonaventure anatsinzina, phazi di! di! nakweza mawu ngati woyambitsa nyimbo pamalilo:

"Eneleeesi, ndifuna kukukwatilaaa!"

Kunja galu anauwa. A Wilbroad anayamba kuyang'ana denga, ngati lili ndi nkhani.

Eneless anachita tsinya. Analuma mlomo uja. Anakoka mpweya mpaka mapewa kukwela, naponda phazi pansi: di! Napondanso: di! Bonaventure anabwelela cham'mbuyo, diso lili pazenela kuona ngati angakwanepo. Mayo ine, mkazi akafika pokupondela phazi, chotsatila ndi mbama!

"Ndaaalolaaa!" anaimba Eneless.

"Ndiye mwini wake wa Lachiwili ameneyu," ananong'ona a Wilbroad.

"Ndi-ndi-ndikanakuyankhani kale," anatelo Eneless, "koma mu-mu-mukanati ndikukutsanzilani."