Pepala la Maliro Pachipata cha Situdiyo

Tsvetana atangofika pachipata cha situdiyo, anangoima. Pakati pa mapepala a maliro amene anthu a mu Sofia amamata paliponse panali lina latsopano, guluu asanaume: mzere wakuda m'mbali, nkhope ya a Lachezar pakati. Sanathe kuwerenga mawu ake. Misozi inali itatseka kale maso.

A Lachezar, mkulu wa imvi mbuu, ndiwo ankasewera Nduna Orlin m'sewero la pa kanema limene Tsvetana ankalemba, la asilikali oyendera nyenyezi. Asilikali akati atere pa dziko lachilendo ndi mfuti zawo, Orlin ankaimitsa chombo n'kuwafunsa kuti wawatuma ndani. Mkanganowo ankapambana ndi iye sabata iliyonse.

Apa m'pamene panavuta. Chinyumba cha ndege chimene ankajambuliramo chinali chobwereka kwa asilikali enieni, ndipo mkulu wawo wina sanakondwe kuona nduna ikupusitsa anyamata a yunifomu. Anauza Tsvetana kuti asankhe, chinyumbacho kapena Orlin. Tsvetana sanachedwe. Analemba kuti chitseko cha chombo chatseguka, nduna yauluzika n'kufera m'mlengalenga, basi. Kenako ananamiza a Lachezar kuti owonera atopa nawo. Iwo anangovala chipewa n'kunyamuka.

Mlonda wa pachipata, a Ignat, anatuluka m'kanyumba kawo akufuna kunena kanthu, koma Tsvetana sanawapatse mpata.

"Ndawapha ndine, a Ignat. Palibe wowonera ndi mmodzi yemwe amene anadandaulapo. Makalata owayamikira ndinkabisa m'dilowa mwanga. Munthu amene anandipezera ntchito ino, ine n'kumugulitsa chifukwa cha denga la malata."

Manyazi anamugwira, komabe mtima unapepukako pang'ono, poti womwalira sayankha.

A Ignat sankayang'ana iye. Maso awo anali kuseri kwa chipata, kumene kunatulukira munthu atanyamula mbale ya tirigu wowiritsa, uja amagawa pokumbukira malemu.

"Mwana wanga, pepalalo ndamata ndekha," anatero a Lachezar motsitsa mawu. "Lero Orlin wakwanitsa masiku makumi anayi chimwalirire. Ndimati tiseke limodzi, ndikupepesenso kuti ndinakuthawitsira owonera."