Tibwerezenso

"Tibwerezenso," anatero a Byeon, maso ali pa kasikirini kawo.

Tak Hae-rim anabwerera kumapeto kwa kolido, kamera ikuyandama patsogolo pake. Thukuta linali litanyowetsa vesiti yolimba imene inamumanga chifuwa ndi chiuno. Pa vesitiyo panalumikizidwa mkono wa masipiring'i, ndipo mkonowo ndi umene unkanyamula kamera kuti isamagwedezeke iye akamaponda.

Linali tsiku lomaliza kujambula filimuyo, ndipo kunatsala kachigawo kamodzi kokha. Mphunzitsi wokalamba ayende mu kolido ya sukulu yotsekedwa, kamera ili patsogolo pake, wojambula akuyenda chafutambuyo mpaka pakhomo. Basi.

Vesitiyo anaisankha yekha Hae-rim. Gil, amene ankayang'anira ntchito yonse, ankafuna gimbo, kachipangizo kopepuka konyamulira kamera, ka mabatire, kamene achinyamata ojambula amakakonda.

"Achemwali, zitsulo zanuzi n'za makedzana," anali atamuseka Gil mamawa. "Mudzatithyokera msana pano, tidzakunyamulani ndife."

"Gimbo imayenda ngati mzukwa, siipuma," anayankha Hae-rim. "Nkhalamba ikamayenda, kamera izipuma nayo limodzi."

A Byeon, otsogolera filimuyo, anamva zonsezo. Anali munthu wa imvi, wosalankhulalankhula. Pa miyezi yonse ya ntchitoyi sanamuyamikirepo Hae-rim, sanamukalipireponso.

Ulendo woyamba Hae-rim anaona ngati zayenda. Mawondo opinda pang'ono, chidendene kaye kenako zala, nsonga za zala zake zikungokhudza chitsulo cha kamera. Atafika pakhomo anayang'ana a Byeon. Anangoti abwereze. Anabwereza. Anatinso abwereze. Chifukwa sanachitchule.

Masana galimoto ya chakudya inaima pabwalo. Anthu anakhala m'magulu, mbale za mpunga ndi supu zili pamiyendo. Hae-rim anavula vesiti, natenga mbale yake, nalowa m'kalasi yopanda anthu, nakhala pa kampando ka mwana. Mapewa ankawotcha. Pawindo losweka pankalowa mawu a anyamata a magetsi.

"Basi ya ku Seoul ikatisiya, tigona m'kalasi muno."

"Mayi anga andiimbira kale. Mawa chikondwerero cha zokolola, ine ndili kuno kudikira zitsulo za azakhali."

Anaseka. Hae-rim anasiya kudya. Iye panalibe amene anamuimbira. Ntchito imeneyi ndi imene anali nayo, ndipo ankadziwa mmene nkhani zimayendera pakati pa ojambula mafilimu. Pofika sabata yamawa aliyense adzakhala atamva kuti Tak Hae-rim wakalamba, manja ake sakhazikikanso. Foni idzangoti zii, osadzaliranso.

Nthawi ya chakudya itatha, anapita kwa Gil.

"Bweretsani gimbo ija."

"Ee! Mwatembenuka mtima, achemwali?"

"Ingobweretsani."

Hae-rim anaika kamera pa gimboyo, naisunthasuntha mpaka inakhazikika yosapendekera kwina. Anayenda nayo. Chithunzi chinatuluka chosalala ngati galasi, chopanda moyo, monga ananenera. Komabe mwina n'zimene a Byeon ankafuna.

"Tibwerezenso."

Anapempha njinga ya olumala imene ankanyamulira katundu. Anakhalapo, kamera ili pamiyendo, Gil akumukoka chafutambuyo. Matayala ankagunda pamene matabwa a pansi anakumana, ndiye anayala makapeti. Zinayenda bwino ndithu.

"Tibwerezenso."

Kenako anasenza kamera paphewa, monga ankachitira ali mtsikana. Anavula nsapato, nayenda ndi masokosi okha. Bambo amene ankasewera ngati mphunzitsi uja anali atayamba kukoka mwendo zenizeni, osatinso za sewero. Dzuwa linachoka pamawindo a kolido, anyamata a magetsi n'kuyamba kukokera nyali zawo pafupi, akung'ung'udza. Palibe amene anamuyang'ana Hae-rim m'maso. Akamadutsa, ankamupatukira ngati wanyamula maliro.

"Tibwerezenso."

Apa Hae-rim anatsitsa kamera, naiika pa bokosi lake. Njira zonse zimene ankadziwa zinali zitatha. Anayenda kolido yonseyo chimanjamanja, nthawi ino choyang'ana kutsogolo, mpaka pakona pamene a Byeon anakhala okha, atafunda bulangete m'miyendo. Anawerama mwaulemu.

"Bwana, ndalephera," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve. "Vesiti ayi, gimbo ayi, njinga ayi, phewa ayi. Vuto si zipangizo, vuto ndine. Itanani wina, anthuwa apite kwawo. Koma ndisanachoke, mundiuze chimodzi chokha. Ndikulakwitsa pati?"

A Byeon anavula magalasi, nawapukuta pa bulangete nthawi yaitali. Anayang'ana kolido, mawaya ali mbwee pansi, anthu atatsamira makoma, mtsikana wa zovala akugawa tiyi. Ankawayang'ana mmodzimmodzi, mosafulumira.

"Khalani pansi, a Tak," anatero.

Hae-rim anakhala pa bokosi la mabatire, akudikira chigamulo.

"Yoyamba ija, ya vesiti, ndi imene ilowe mu filimu. Sindinaonepo kamera ikuyenda bwino chonchija." Anavalanso magalasi. "Koma madokotala anandiuza kuti filimu ina sindidzajambulanso. Ndikangoti zatheka, nonsenu mukwera basi muzipita."