Manambala a Bambo

Ndinalemba lamulo pakompyuta n'kudina batani. Pa sikirini yakuda panatuluka mzere umodzi wokha, wonena kuti fayilo yatsopano ya makonzedwe a makina ofungatira mazira yalembedwa.

Nditaitsegula, ndinapeza manambala a kufakitale okhaokha. Amene Bambo anakhala akuwasintha pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi zitatu, a kutentha, a chinyezi, a nthawi yotembenuza mazira, onse anali atafufutika. Ine ndinkangofuna chitsanzo choti ndiyerekeze ndi fayilo yawo. Sindinkadziwa kuti lamulolo limalemba pamwamba pa yakale osafunsa.

Kuseri kwa khoma makina ofungatira mazira ankangolira. Munali mazira zikwi zitatu, ndipo kunatsala masiku anayi kuti anapiye atuluke.

"Mlamu, mwaona mzukwa kodi?" anafunsa mkazi wa achimwene, ataima pakhomo ndi tsache.

"Ndafufuta za Bambo."

Anatsamiritsa tsache kukhoma, nandisindikizira fayiloyo papepala ndi zilembo zikuluzikulu.

Bambo anali pampando wawo pakhonde, dzanja lamanja litangogona pamwendo. Chidwalireni sitiroko mwezi watha, mawu anawathawa. Ndinagwada, ndikupemphera chamumtima, n'kuwalozera nambala yoyamba.

"Iyi ili bwino, Bambo?"

Anapukusa mutu. Pa yachiwiri anapukusanso. Yachitatu anaiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, koma panangotuluka mpweya.

Kenako anakweza dzanja lamanzere, nandipukuta misozi ndi chala chachikulu, ngati olakwa ndi iwo.