Dengu la Che Abiba

Che Abiba anaima pakanjira ka mumsika wa ku Mangochi, dengu la mbiya lili pamutu, akudikira munthu woti awatule. Mayi Dinah anawaona bwinobwino, koma anatembenukira kumbali n'kuyamba kuyala tomato wawo.

Zimenezi zinali zachilendo. Kwa zaka zitatu, m'mawa uliwonse Che Abiba akangodutsa anyamata a chipani ofunsa makhadi pageti paja, Mayi Dinah ankanyamuka, kugwira dengulo ndi manja awiri n'kulitsitsa pansi. Madzulo ankawakonzera nkhata n'kuwasenzetsa. Sikuti ankaziwerengera ayi. Ankachita uku akung'ung'udza kuti, "Mukunditsekera makasitomala." Mbiya si nkhuni zoti munthu n'kungoponya pansi, ndipo zala za Che Abiba zinafupika ndi khate. Matendawo anapola kalekale, koma anthu a mumsika sanafune kumva zimenezo. Wogula ankasankha mbiya yekha, ndalama n'kuponya pachiguduli.

Chimene Mayi Dinah ankawerengera chinali ulaliki. Pakamwa anali napo mayi ameneyu! Baibulo lawo linkakhala pafupi ndi tomato, ndipo msika ukazizira ankalitsegula n'kuyamba kuwawerengera Che Abiba mofuula, mpaka ogulitsa usipa kutsidya kuja ankavomera "Ameni" akuseka. Che Abiba sankapita ku mzikiti kapena ku tchalitchi, chifukwa chidwalireni palibe amene anawaitanako. Ankangomvera, mutu uli pansi. Koma Mayi Dinah anali atauza kale amayi onse a mumpingo kuti, "Nkhosa imene ija musaivutikire, ndi yanga."

Ndipo nkhosayo inalowadi m'khola. Che Abiba anayamba kalasi, ubatizo wawo n'kuikidwa pa Pasaka. Wansembe analengeza kuti aliyense abweretse dzina la mboni yake lolembedwa papepala, ndipo mboniyo idzaimirire naye kutsogolo, mpingo wonse ukuona. Mayi Dinah anachapiratu mpango wawo woyera n'kuusita kawiri. Anadikira kupemphedwa. Lolemba linadutsa. Lachiwiri linadutsa. Lachitatu masana anangoona Che Abiba atakhala pansi pafupi ndi Jestina wogulitsa mchere, akunong'ona, Jestinayo akulemba ndi pensulo. Atamaliza anaika kapepalako pansi, Che Abiba n'kukatola n'kukaponya m'mbiya.

Jestina! Kamtsikana kobwera dzana kuchokera ku Namwera, mkazi wa mphunzitsi, koti kutchalitchi kamangoyendetsa milomo poimba chifukwa nyimbo sikazidziwa. Kumwetulira ndiye kamatha, aliyense kumuitana kuti "achemwali", koma mchere wa Che Abiba kamawaikira pansi, osati m'manja. Lero ndiye kadzaime kutsogolo? Ngati vuto linali kulemba, kodi Mayi Dinah sanafike Sitandade Sikisi? Khasu agwire iwo, nkhokwe idzaze kwa wina? Nsanje inawagwira moti tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Ngakhale tomato anamugulitsa mokalipa, ngati ogulawo ndi amene analakwa.

N'chifukwa chake Lachinayi m'mawa Che Abiba anali chiimire pakanjira paja.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Dinah?" anatero Che Abiba.

"Tadzuka."

"Tandituleni, khosi lauma."

"Akutuleni a mboni anu," anayankha Mayi Dinah osadzutsa mutu. "Si awo akhala apowo?"

Che Abiba anayang'ana kwa Jestina ngati sanamvetse. Jestina mwadzidzidzi anapeza ntchito yambiri mumchere wake, n'kuweramira pomwepo. Anthu ankadutsa chapatali, ena kuchita kulambalala. Dzuwa la ku Mangochi silichedwa kukwera, ndipo thukuta linayamba kutsika pankhope ya Che Abiba, kuchokera pansi pa nkhata. Mayi Dinah analiona thukutalo, koma anaumitsa mtima. Aone lero kuti mboni ya kumwetulira imathandiza chiyani.

Pomaliza Che Abiba anayesa okha. Anapinda bondo limodzi pang'onopang'ono, kenako linalo, tizala tawo tija tikufufuza m'mphepete mwa dengu koma osagwira. Dengulo linapendekeka. Mbiya yapamwamba inatsetsereka, phwa! Mapale anamwazikira pakanjira ponse, ndipo kapepala kaja kanagwera pamapazi penipeni pa Mayi Dinah.

Chisoni chinali m'njira, koma nsanje ndiyo inayamba kufika. Mayi Dinah anatola kapepalako mwachangu. Ankafuna kuliona dzina la Jestina ndi maso awo, kuti Lamulungu akakhale ndi chowauza amayi anzawo. Anakatambasula, n'kuyamba kuwerenga malembo opendekeka a pensulo aja.

"Abambo wansembe, mboni yanga akhale Mayi Dinah. Zimene amandiwerengera zija zambiri zimandidutsa, koma zaka zitatu zonsezi ndi iwo okha amene amandigwira osathamangira kukasamba m'manja. Mulungu wawoyo ndi amene ndikumufuna."

Mayi Dinah atadzutsa maso, Che Abiba anali chigwadire pakati pa mapale, dengu lili pamutu, akuwadikirabe.