Dzino Si Thupi

"Dinani pa golide, abwana, si ndinu olemera?" anatero Rhonda, akuyang'ana tsaya la mwamuna wake Darnell lomwe linatupa ngati wabisamo dzira.

Linali tsiku lomaliza losankha inshulansi ya chipatala pa tsamba la boma la pa intaneti, ndipo Darnell anali atatopa n'kuyerekeza mitundu yake: ya mkuwa, ya siliva ndi ya golide, yomwe inali yodula kwambiri.

"Zotchipa zimadula," anayankha atagwira tsaya. "Dzino ili lindipha." Anadina pa golide.

Inshulansiyo inali yoyamba kugwira ntchito mu Januwale, choncho Khirisimasi anaidyera m'maso, iye akumwa supu anzake akukukuta nthiti za nkhumba.

Chaka chitangolowa, awiriwa anathamangira kwa dokotala wa mano mumzinda wawo wa Cleveland. Darnell anaponya khadi la inshulansi patebulo monyadira.

Mayi wolandira odwala analitembenuza kawiri. "Pepani bambo, ili ndi la thupi. Mano amalembetsedwa paokha."

"Ndiye dzinoli lili m'thupi mwa ndani?"

Rhonda anamusisita paphewa. "Limbani mtima, abwana. Mafinya akangofika m'magazi, golide wanuyo ayamba kugwira ntchito."